Repeater ikuthetheka mphepo ikaomba, ndatopa nayo

Phiri wa ku Bembeke:
Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Repeater yathu ya mawailesi a amateur (makina olandira siginecha n'kuiulutsanso kuti ifike kutali), ya bandi ya 2 m, ili pachitunda kumtunda kwa Bembeke, shift (mpata wa pakati pa frequency yolandirira ndi yotumizira) 600 kHz, mawati 25, duplexer (sefa yolola kutumiza ndi kulandira nthawi imodzi pa eliyo imodzi) ndinaitchuna mwezi watha. Kukakhala bata palibe vuto, wa kawailesi ka m'manja ku Lizulu amalowa bwinobwino, ngakhale wa ku Golomoti kumunsi kuja timamumva. Mphepo ikangoyamba, basi thethethe ngati akukazinga chimanga, onse a siginecha yofooka amamira. Ndikazimitsa TX (mbali yotumiza) phokoso zii. SWR (muyeso wa mphamvu yobwerera kuchokera ku eliyo) ili pa 1.3, sikusuntha. Mlongoti ndi paipi ya GI (chitsulo chokutidwa ndi zinc) ya mainchesi 2, ya mamita 6 ndinalowetsamo ina kuti ifike 9. Magayi (mawaya okoka mlongoti kuti usagwe) ndi waya wa mpanda, ma U-bolt wamba a ku hardware, coax (chingwe chopita ku eliyo) ndi ya mtundu wa LMR-400, mamita 20. Mwezi uno ndakwerako kanayi, mafuta a njinga akungothera pomwepo. Ndiyambire pati?

Madala Nkhoma, Ntcheu:
Mwana wanga, chitsulo chimenecho ndiye vuto. Gwetsani paipiyo muimike bulugama wouma, mumupake oyilo wakuda kutsinde. Wanga waima zaka zambiri, sanalirepo.

NaChisale, Dedza boma:
A Phiri, yankho mwalinena kale nokha: phokoso limatha TX ikazima. Ndiye kuti RF yanu yomwe, mafunde otuluka mu TX, ikugunda penapake pomwe zitsulo ziwiri zikungokhudzana osagwirana, dzimbiri lili pakati. Malo otere amakhala ngati diode (kachipangizo kodutsitsa magetsi mbali imodzi yokha), mphepo ikawagwedeza amalavula phokoso lomwe limagwera pa RX (mbali yolandira), ndipo pa 600 kHz mpata ndi wochepa kwambiri. Mita ya SWR singakuuzeni zimenezi. Musakwere kaye. Ikani dummy load (chomeza mphamvu ya TX m'malo mwa eliyo) potulukira duplexer muone ngati desense, kugontha kwa RX TX ikayaka, ilipo. Kukakhala zii, isamutsireni kumapeto kwa coax kumwamba, wina agwedeze chingwecho. Pomaliza bwezerani eliyo, mumenye paipi ndi mtengo, mukoke gayi mmodzimmodzi, mnzanu akumvetsera. Ine ndikukayikira polowetsana mapaipi paja, komanso LMR-400 yomwe. Mkati mwake muli foil ya aluminiyamu yogundana ndi braid ya kopa, pa siteshoni ya kunyumba ndi yabwino koma potumiza ndi kulandira nthawi imodzi ikakalamba imachita zomwezi.

Phiri wa ku Bembeke:
Achemwali, LMR imeneyo ndinaigula modula, musandiuze kuti ndiitaye. Dummy load yanga ndi ya mawati 15 basi.

NaChisale, Dedza boma:
Tsitsani mphamvu kapena mubwereke yaikulu, musaiwotche. Coax sindinati mutaye, ndati muyese kaye. Ikapezeka kuti ndi iyo, coax ya mtundu wa Heliax ya theka la inchi ndiye mankhwala, LMR mukaigwiritse kunyumba.

Madala Nkhoma, Ntcheu:
Zonsezo ndi ndalama. Mtengo sugwira dzimbiri. Ndanena.

Jere wa ku Tsangano:
Madala, ndi ulemu wonse, mtengo sugwira dzimbiri koma chiswe chimadya, ndipo mphenzi siisankha. Kwathu kuno tinaimika bulugama pamtunda, opanda waya wa earth, poganiza kuti mtengo sukoka. Mvula ya mu Januwale itabwera, mphenzi inang'amba mtengo pakati ngati nzimbe, inatsika ndi coax mpaka m'kanyumba. Wailesi, regulator ya sola, zonse makala. Mlonda anali atangotuluka kukaona ng'ombe, mwina lero tikanakamba za maliro. A Phiri, simunatchule earth ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zikundiopsa kuposa phokosolo. Ino ndi nyengo ya mwera, komabe mvula ikubwera. Ndodo ya earth, waya wonenepa wosapindapinda, arrestor (chotchinga mphenzi) polowera coax. Ndipo mukamakwera TX izikhala yozimitsa, lamba m'chiuno, munthu wina pansi. Paipi yonyowa ndi nkhungu ya ku Dedza imaterera ngati sopo.

Mbewe wa pa Mlangeni:
Waya wa earth mukuunenawo kwathu anakumba usiku umodzi, kopa ali pamsika. Tinabwezeretsa wa galvanised, tinathira konkire pamwamba. Mabatire awiri anapitanso chaka chomwecho. Kenako anyani anatafuna coax pafupi ndi thanthwe, madzi analowa, tinakhala milungu itatu tikunamizira duplexer. Onaninso ma connector a Phiri, ngati munangokulunga ndi tepi yakuda wamba madzi alowamo kale. Pamafunika tepi yodzimata yokha ya self-amalgamating, yakuda ibwere pamwamba. Ngati pali connector ya mtundu wa PL-259 panja, sinthani muike ya mtundu wa N.

Madala Nkhoma, Ntcheu:
A Jere, mphenziyo inatsata coax, sinatsate mtengo. Ndiye mtengo walakwanji? Achinyamata mumakonda zodula.

NaChisale, Dedza boma:
Madala, ngakhale pamtengo eliyo imamangidwa ndi mabawuti, ndipo magayi ndi waya womwewo. Phokoso likhoza kubwerera. A Phiri, chinanso: aluminiyamu ya eliyo ikagundana ndi chitsulo cha dzimbiri kapena kopa pamalo a chinyezi imadyeka, mudzaona ufa woyera pa clamp. Pezani ma clamp a stainless kapena a galvanised enieni, mupake mafuta oletsa kudyeka. Waya wa mpanda wopota pa paipi chotsani, muike gayi weniweni wodulidwa ndi ma insulator, kapena chingwe chosaphwanyika ndi dzuwa. Polowetsana mapaipi mumange mothina, mulumphitse ndi strap ya chitsulo yolumikiza mapaipi awiriwo.

Jere wa ku Tsangano:
Musawotcherere GI m'chipinda chotseka, utsi wa zinc umadwalitsa. Komanso wina akakuuzani kuti mukweze mawati kuti mugonjetse phokoso, musamvere, limangokula. Pamtunda pamenepo siginecha yanu ikudumpha kale M1 kulowa ku Angonia ku Mozambique, khalani pa zomwe chiphaso cha MACRA chikunena.

Madala Nkhoma, Ntcheu:
Bulugama wowongoka ndili naye kumunda, mamita 10. Mukafuna bwerani ndi ngolo.

Mbewe wa pa Mlangeni:
Zoti anyani zija, alipo anayesapo kulowetsa coax mu paipi ya PVC kuchokera pansi mpaka pamwamba? Ndikuopa kuti madzi azidikha mkati.