Funso: ndikufuna kuyamba sociology ku community college kenako ndisamukire ku yunivesite, ndiyambire pati?

Membala wosatchula dzina:

Moni nonse m'gulu muno. Ndili ku California, dera la Sacramento, ndinafika mu Novembala chaka chatha pa green card. Ndili ndi MSCE ndipo ndinaphunzirako chaka chimodzi pa yunivesite ina kumudzi. Panopa ndikusamalira okalamba, mashifiti a usiku. Ndikufuna digiri ya sociology kuti mtsogolo muno ndizithandiza mabanja ndi ana. Anthu akuti ndiyambe ku community college zaka 2 chifukwa n'kotchipa, koma enanso akuti makalasi ena amakanidwa ukamasamuka. Odziwa ndithandizeni. Ndiyambe mu Ogasiti muno? Nditenge makalasi ati? Nanga chaka chija cha kumudzi chiwerengedwa?

Mlangizi wa ophunzira:

Achemwali, musanalembetse kalasi ngakhale imodzi, sankhani kaye yunivesite imene mukufuna kukamaliza. Makalasi amene amakanidwa aja nthawi zambiri si oipa ayi, kungoti munthu anawatenga asanaone ngati yunivesiteyo imawafuna. Lowani pa ASSIST.org, ikani dzina la koleji yanu, dzina la yunivesite, kenako Sociology. Ikuonetsani kalasi ya kuno imene ikulowa m'malo mwa kalasi ya uko. Kalasi imene palibe pa tsambalo ikhoza kuwerengedwa pa mayuniti wamba (mayuniti ndi muyeso wa maphunziro amene mwachita, kalasi iliyonse ili ndi ake), koma osati pa zofunika za sociology.

Njira yosavuta ndi digiri ya ku community college ya ofuna kusamuka, yotchedwa AA-T in Sociology. Lamulo lake, SB 1440, linakhazikitsidwa mu 2010. Mumafunika mayuniti 60 a semesita amene CSU (mayunivesite a boma a California State University) imawavomereza, GPA (avareji ya magiredi anu) yosachepera 2.0, ndi mayuniti osachepera 18 a sociology yeniyeniyo, kalasi iliyonse mutakhoza ndi C kapena kuposa. Mukaimaliza, CSU imakulonjezani malo ngati wa chaka chachitatu, ndipo ngati mwalowa pulogalamu yofanana nayo mumatsala ndi mayuniti 60 okha. Koma mvetsetsani lonjezolo: ndi la malo penapake mu CSU, osati pa kampasi imene mwaikonda. Kumene ofunsira achuluka, 2.0 sikufikitsani.

Makalasi a sociology amene ali m'ndondomekoyi ndi monga Introduction to Sociology, Social Problems, Research Methods, Statistics, ndi ena oti musankhepo okhudza banja, gender, mitundu ya anthu kapena umbanda. Pambali pake pali maphunziro wamba. Amene akuyamba kumene kuchokera mu Ogasiti 2025 akutsatira mndandanda wa maphunziro wamba wotchedwa Cal-GETC, makalasi 11, mayuniti osachepera 34. Wina akakupatsani pepala lolembedwa IGETC, dziwani kuti ndi la amene anayamba kale, inu silikukukhudzani.

Mayi wa ku ofesi ya fizi:

Zonsezo n'zoona, koma ine ndaima pa Novembala uja. Mwana wanga, mu Ogasiti simudzakhala mutakwanitsa chaka. Kuti muwerengedwe ngati wokhala ku California muyenera kukhala mutatha chaka ndi tsiku limodzi semesita isanayambe, komanso kuonetsa kuti mwakhazikika. Wokhala ku California amalipira $46 pa yuniti. Amene sanakwanitse amalipira $46 yomweyo kuphatikiza mazana a madola pa yuniti iliyonse. Green card payokha sikuchotsa zimenezi.

Ndiye semesita ya Januwale ndi imene ikukuyenerani. Panopa sonkhanitsani umboni wokhala ndi madeti: ID kapena laisensi ya California, pepala la lendi lokhala ndi dzina lanu, masitetimenti a banki, mapepala a malipiro a kuntchito, fomu ya msonkho ya California. Ambiri amavutika chifukwa amakhala kwa achibale ndipo palibe pepala lili m'dzina lawo. Lembaninso FAFSA, fomu yopemphera thandizo la ndalama za sukulu ku boma, a green card amaloledwa. Mukawerengedwa ngati wokhala kuno ndipo malipiro anu ndi ochepa, California College Promise Grant imachotsa $46 ija yonse.

Achimwene a ku Fresno:

Mayi, kudikira mpaka Januwale manja ali m'thumba ine sindikugwirizana nazo. Makoleji ena salipiritsa fizi ya alendo kwa amene atenga mayuniti 6 kapena kuchepera. Si onse, ndiye achemwali akafunse ku Admissions and Records. Kulinso makalasi a noncredit, osapereka mayuniti, amene ndi aulere. Akhoza kuyamba ndi masamu okonzekera Statistics.

Mayi wa ku ofesi ya fizi:

Eya, ngati koleji yawo ili ndi mwayi umenewo atenge. Koma auone wolembedwa pa tsamba la koleji asanalembetse, asamangomva pakamwa. Bilu ikapanda kulipiridwa akaunti imatsekedwa, ndipo sungalembetse semesita yotsatira usanalipire.

Mphunzitsi wa sociology:

Ndilankhulepo za Statistics, chifukwa ndi pamene ambiri a sociology amakodwa. Amaganiza kuti athawa masamu, ndiye amaikankhira ku semesita yomaliza. Akalephera, kusamuka kumachedwa ndi chaka chathunthu, pakuti CSU imafuna makalasi 4 aja amene amatchedwa Golden Four akhale atatheka: kulankhula pagulu, kulemba Chingelezi, critical thinking ndi masamu. Tengani ENGL C1000 (kulemba Chingelezi) ndi STAT C1000 (Statistics) m'chaka choyamba. Ngati masamu a MSCE munawasiya kalekale, sankhani Statistics yokhala ndi kalasi yothandizira pambali. Malamulo a AB 705 ndi AB 1705 anachititsa kuti makoleji asiye kuika anthu m'makalasi a m'munsi amene sawerengedwa posamuka, ndiye musalole kutaya semesita 2 pa masamu amene yunivesite siidzawaona n'komwe.

Research Methods itengeni mutamaliza Statistics ndi Introduction, osati pamodzi. Mmenemo mumaphunzira kupanga mafunso a kafukufuku, kusankha anthu ofunsidwa, ndi kuwerenga tebulo la manambala n'kunena zimene likutanthauza ndi zimene silikutanthauza. Wosadziwa mawu a Statistics ngati p-value amangokhala chete semesita yonse.

Dziwaninso kuti chilichonse cha ku community college chimawerengedwa ngati lower division, kutanthauza makalasi a zaka 2 zoyamba za digiri. Ngakhale muwerenge Marx, Durkheim ndi Weber mpaka kuwaloweza, kalasi ya theory ya chaka chachitatu mukaitenga ndithu ku yunivesite. Choncho kuunjika makalasi a sociology 9 kapena 10 kuno n'kosathandiza. UC (mayunivesite a University of California) imawerenga mayuniti a lower division mpaka 70 basi.

Membala wosatchula dzina:

Zikomo kwambiri nonse. Nanga UC ndingaiganizire? Ndipo ndi ntchito ya usikuyi, zaka 2 zitheka?

Mlangizi wa ophunzira:

UC yotheka. Makampasi 6 ali ndi TAG, lonjezo la malo pa kampasi imene mwasankha: Davis, Irvine, Merced, Riverside, Santa Barbara ndi Santa Cruz. Davis ili pafupi nanu. Berkeley, UCLA ndi San Diego alibe. Fomu ya TAG imalembedwa mu Seputembala, chaka chathunthu musanasamuke, ndipo mumasankha kampasi imodzi yokha. Kenako mumalembabe fomu yaikulu ya UC mu Okutobala kapena Novembala. Ena amalemba TAG n'kuiwala fomu yachiwiriyo, lonjezo n'kufera pomwepo. GPA yochepetsetsa ya UC kwa okhala ku California ndi 2.4, koma TAG imafuna yokwera kuposa pamenepo, ndipo kampasi iliyonse imaika yake.

Za zaka 2, tiyeni tiwerengere. Mayuniti 12 pa semesita amatchedwa full-time, koma 12 kuchulukitsa ndi 4 ndi 48, osati 60. Pamafunika 15 pa semesita, kapena kuwonjezera makalasi a summer. Yuniti imodzi ndi ola limodzi m'kalasi ndi maola 2 owerenga panokha, ndiye mayuniti 15 ndi maola pafupifupi 45 pa sabata. Kuika pamwamba pa mashifiti a usiku, giredi ndi imene imavutika. Tengani 9 kapena 12, mumalize m'zaka 3 ndi GPA yabwino. Mukaona kuti kalasi yakulemerani, isiyeni deti ya W (chizindikiro choti mwaisiya nokha) isanadutse, F yolephera ndi yoopsa kuposa W. Koma musazolowere: kalasi imodzi mumaloledwa kuiyesa katatu kokha, W akuwerengedwa momwemo, ndipo a financial aid amafuna muzikhoza pafupifupi magawo 67 pa 100 a mayuniti amene mwalembetsa. Pell Grant, ndalama ya boma yothandizira ophunzira, nayo ili ndi malire a masemesita 12 a full-time moyo wonse, ndiye musaimalizire kuno.

Achimwene a ku Fresno:

Palibe wayankha za chaka cha kumudzi chija. Musachibise, mafomu a UC ndi CSU amafuna mutchule koleji iliyonse imene munalembetsako, ndipo akazindikira mochedwa akhoza kukulandani malo. Itanitsani transcript panopa pamodzi ndi ma course outline, chifukwa zimatenga nthawi. Community college kawirikawiri imafuna iunikidwe ndi bungwe lounika maphunziro a kunja ngati WES kapena lina la mu mgwirizano wa mabungwe otere wotchedwa NACES, funsani kaye limene amalivomereza musanalipire. UC imaunika yokha. Makalasiwo sapezeka pa ASSIST, ndiye musawadalire pa Cal-GETC mpaka mlangizi atakulemberani.

Wogwira ntchito ya social work:

Achemwali, mwati mukufuna kuthandiza mabanja ndi ana. Onetsetsani ngati mukufuna sociology kapena social work, n'zosiyana. Sociology imafufuza mmene anthu amakhalira ndi chifukwa chake. Ntchito zambiri za ana m'maofesi a county zimakonda MSW (digiri ya masters ya social work), ndipo laisensi ya social work yotchedwa LCSW siitheka popanda MSW. Wa sociology amaloledwa kulowa MSW, koma amaphunzira zaka 2 zonse. Amene ali ndi BSW (digiri yoyamba ya social work) yovomerezeka ndi CSWE, bungwe loyang'anira maphunzirowa, akhoza kupempha advanced standing, njira yachidule, n'kumaliza m'chaka chimodzi. Chaka choyamba ku community college makalasi a njira ziwirizi ndi ofanana kwambiri, English, Statistics, Introduction to Sociology, Psychology, ndiye muli ndi nthawi yosankha. Mukakumana ndi mlangizi, mupempheni akulembereni education plan ya njira zonse ziwiri, muziike pamodzi muone pamene zikusiyanirana.