Tikukwera Mulanje mu Ogasiti, tingathandize bwanji phirili?

Nachisale_Ndirande:
Moni nonse. Ife ndi achinyamata a kutchalitchi, tilipo 14, tikufuna tikwere Mulanje mu Ogasiti kuyambira pa Likhubula, tikagone ku Chambe kenako amene miyendo ilola akafike pa Sapitwa. Koma chaka chatha nditapita ku Dziwe la Nkhalamba zinandiwawa heve, mabotolo, majumbo, mpaka thewera la mwana litakodwa pamwala pomwe madzi akutsika, nde ndinati ulendo uno tisangopita kukajambulitsa basi. Anzanga akuti titenge mbande tikadzale. Amene mumalidziwa phirili tiuzeni, tichite chani, tipewe chani?

Wa_pa_Likhubula:
Achemwali mwaganiza bwino. Ine ndanyamulira alendo katundu mphirimu zaka zambiri nde mundimvere. Choyamba musakwere nokha, lembetsani ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula mutenge gaidi, chifukwa Sapitwa ndi mamita 3,002 ndipo chiperoni chikabwera simumuona mnzanu amene ali pafupi pompa, anthu anasowapo kumeneko osapezeka msanga. Komanso kuchoka ku Chambe mukagone kaye ku hati ya Chisepo, nyumba yogona okwera phiri, mmawa mwake nde mukwere, musazipanikize tsiku limodzi.

Koma nkhani yaikulu mu Ogasiti ndi moto. Udzu umakhala utauma gwaa, mphepo ili kuomba, kachidutswa kafodya kamodzi kapena makala amene mwasiya mukuti azima okha, mawa lake chigwa chonse chili bii. Ine ndinaonapo malo amene tinadzala mkungudza nyengo ziwiri, timitengo titafika mmaondo, titapsa tonse masana amodzi, ndinangokhala pamwala osayankhula. Phikirani mu hati momwemo pamalo pake, nkhuni funsani alonda, osathyola nokha mtchire. Zinyalala aliyense akhale ndi thumba lake, chimene wakwera nacho atsike nacho, olo makoko a nthochi.

Mai_a_Tada:
Za mbandezo ayi dikirani kaye. Mu Ogasiti mvula kulibe, mungodzala nkufa zonse, nyengo yodzala mitengo kuno imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo. Chinanso si mtengo ulionse umene ungapite mmwamba muja, paini amene anadzalidwa kalekale anafalikira yekha mpaka kumalanda malo a mitengo yachilengedwe, anthu avutika naye kumudula zaka ndi zaka. Pitani ku MMCT, a Mulanje Mountain Conservation Trust aja, mukafunse ntchito imene ilipo mwezi umenewo, nthawi ya chilimwe chofunika kwambiri ndi kulambula njira zotchinga moto ndi kupalira mozungulira timitengo todzala kale. Ndi ntchito ya khasu ndi chikwanje, manja amatuluka matuza, koma mkungudza umapulumuka ndi imeneyo.

Ndipo chonde timabokosi tonunkhira ta mkungudza tija musagule. Mkungudza wa Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu, mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko, ndipo ikuluikulu ija inatha ndi macheka.

Che_Phalombe:
Mai a Tada zoona, koma ogulitsa timabokosi ndi ocheka matabwawo ndi abale athu omwe, njala ndi imene imawakweza phiri usiku. Nde inu a mtauni mukabwera mutenge mapotala a konkuno muwalipire bwino osanenerera mpaka kuwafinya, mugule chinanazi ndi nthochi kwa amayi a mmunsimu, munthu akaona kuti phiri likumudyetsa lili chiimire sakalitentha. Ife kuno namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 sitinamuiwale, miyala ndi matope zinatsika mphiri kukwirira midzi, mpaka lero mvula ikagunda usiku ana sagona.

Wa_pa_Likhubula:
Ndinaiwala, sopo mumtsinje ayi, tungani madzi mukasambire patali. Madzi a Likhubula omwewo anthu akumwa mmunsi, ena amapopedwa mpaka ku Blantyre kwanu konko.

Nachisale_Ndirande:
Zikomo kwambiri akuluakulu, za mbande tasiya kaye, tibweranso mu Januwale. Ndagula kale masaka 10 a zinyalala, tiyambira pa Dziwe pomwe paja. A pa Likhubula, gulu la anthu 14 likufunika magaidi angati, ndipo masaka akadzadza tikatula kuti tikatsika?