Kodi pulasitiki wa m'nyanja zamchere amaunjikana m'nsomba zikuluzikulu ngati mercury?

Wofunsafunsa:

Abale, tiweruzeni pa mkangano womwe tikukokana ndi mnzanga wa kuntchito. Iyeyo akuti pulasitiki wotayidwa m'nyanja zamchere amachita ngati mercury, chitsulo chapoizoni chomwe chimapezeka m'nsomba: kansomba kakamudya, iko nkudyedwa ndi nsomba yokulirapo, imeneyonso nkumezedwa ndi shaki kapena tuna, basi wamkuluyo watolera pulasitiki yense wa anzakewo ndipo amangounjikana m'thupi mwake. Ine sizikundilowa. Chomwe ndikudziwa ndi namgumi uja anafera ku Philippines mu 2019, yemwe anamupeza ndi majumbo ndi masaka olemera makilogalamu 40 m'mimba. Komatu ameneyo anachita kumeza yekha, sanazipeze m'nsomba ayi. Ndiye kwenikweni pulasitikiyu amayenda bwanji kuchoka kwa kanthu kakang'ono kufika kwa chachikulu?

MphunzitsiWaSayansi:

Achimwene, mnzanuyo wakhoza theka, theka linalo wasochera. Zoti pulasitiki amadutsa kuchoka kwa chodyedwa kupita kwa chodya nzoona. Zoti amaunjikana ngati mercury, apo ofufuza sanapeze umboni wogwirika. Mercury amalowerera mu mnofu ndipo satuluka msanga, nchifukwa chake tuna ndi shaki zimakhala naye wochuluka. Tizidutswa ta pulasitiki tambiri timangodutsa m'matumbo nkutuluka ndi ndowe.

Koma musapume kaye, chifukwa vuto lili pansi penipeni, komwe kudyana kumayambira. Majumbo, mabotolo ndi zingwe zikawombedwa ndi dzuwa ndi mafunde zimanyenyeka mpaka kufika pa tizidutswa tosakwana mamilimita 5. Tina timachokera ku matayala a galimoto akamaperepeseka pamsewu, tina ndi ulusi wa zovala za nayiloni womwe umathothoka pochapa. Richard Thompson wa ku yunivesite ya Plymouth ndi anzake anasonyeza mu 2004 kuti tizidutswati tili mbwee mumchenga wa m'mphepete mwa nyanja ndi m'madzi momwe. Tsono m'madzimo muli tizilombo ting'onoting'ono totchedwa copepod, tomwe timadya ndere zosaoneka ndi maso, ndipo ndi ito timadyetsa ana a nsomba pafupifupi zonse. Ofufuza ena atayika tizilomboti m'madzi okhala ndi pulasitiki, anaona kuti timadya ndere zochepa, timaikira mazira ang'onoang'ono, ndipo ochepa okha ndi omwe amaswa. Mimba yadzaza koma thupi silinalandire kanthu. Ine ndikaganiza za pulasitiki, mantha anga amakhala pamenepa, osati pa shaki. Tizilomboti tikafooka, chilichonse chodalira ito chimva njala.

Za anamgumi, pali ena omwe amamutengadi kudzera m'chakudya. Kafukufuku wa mu 2022 kufupi ndi gombe la California anawerengetsa kuti namgumi wamkulu kuposa onse, wa mtundu wa blue whale, angameze tizidutswa pafupifupi 10 miliyoni pa tsiku, ndipo pafupifupi tonse timakhala tili kale m'mimba mwa tinkhanu ta krill tomwe iye amadya. Krill nayenso ali ndi kachitidwe kake: akameza kachidutswa amakaphwanya kukhala tina tating'ono kwambiri, zomwe ofufuza a ku Australia anaziona mu 2018.

Mwanambalame:

Aphunzitsi mwalongosola bwino, koma mbalame mwazisiya kuti? Kwa izo mawu oti "amangodutsa" sagwira ntchito. Pa chilumba cha Midway, pakati pa nyanja ya Pacific, anapiye a albatross amafa m'zisa, ndipo thupi likaola pamatsala mulu wa zotsekera mabotolo, malaitala a fodya ndi miswachi pomwe panali mimba. Amawadyetsa ndi makolo awo omwe. Kholo limauluka mtunda wautali, kutola zoyandama pamadzi poganiza kuti ndi chakudya, nkudzalavulira mwana kukamwa.

Kale ndinkadabwa kuti mbalame yamaso akuthwa chonchi ingapusitsidwe bwanji ndi chotsekera botolo. Kani si maso okha, ndi mphunonso. Pulasitiki akakhalitsa m'madzi amamera ndere, ndipo nderezo zimatulutsa fungo lomwe limamvekanso pamene krill akudya. Mbalame zosaka ndi fungo zimathamangira pomwepo. Matthew Savoca ndi anzake ndiwo anatulukira zimenezi mu 2016. Ku chilumba cha Lord Howe, kum'mawa kwa Australia, mbalame za shearwater anazipeza mu 2023 zili ndi zipsera m'kati mwa mimba chifukwa chokandidwa ndi tizidutswa takuthwa, moti chakudya chenicheni sichigayikanso bwino. Akamba am'madzi nawo amameza majumbo powayesa jellyfish, tinyama tofewa toyandama m'madzi tomwe iwo amadya.

Wofunsafunsa:

Zikomo nonse. Ndiye mnzanga uja ndikamuuza kuti tagawana chigamulo. Koma Aphunzitsi, nanga ife anthu? Ngati zimatuluka ndi ndowe, ndiye kuti wodya nsomba alibe nkhawa?

MphunzitsiWaSayansi:

Nsomba yotumbula, yochotsa matumbo, pulasitiki wambiri amapita ndi matumbowo. Zosiyana ndi nkhono zam'madzi monga oyster ndi mussel, komanso tinsomba todyedwa tathunthu. Izo mumadyera limodzi ndi zonse zili m'kati. Chachiwiri ndi mankhwala. Pulasitiki amakoka poizoni wakale monga DDT ndi PCB yemwe ali kale m'madzi, ndipo ameneyu ndiye amakhazikika m'mafuta a nyama nkumachuluka pokwera, ndendende momwe mnzanu ankanenera. Kungoti nsomba imamupezanso poizoniyu m'madzi ndi m'chakudya chake cha masiku onse, choncho tisamukundikire pulasitiki mlandu wonse.

Mayi Mwanambalame akunena zoona za mbalame, pamenepo sinditsutsa. Ndiwonjezerepo nsomba za lanternfish, zomwe zimakwera pamwamba usiku kukadya, masana nkutsikira kuya mamita mazanamazana. Ofufuza a ku Scripps, malo ofufuzira za nyanja ku California, anapeza mu 2011 kuti pafupifupi 9 mwa nsomba 100 za m'madzi akuya otere ku North Pacific zinali ndi pulasitiki m'mimba. Ndi izo zimamutsitsa kuchoka pamwamba kupita pansi, komwe tuna ndi squid zikuzidikira.

Mpalabwato:

Mukukamba za tizidutswa, ine ndikumbutseko za maukonde. Chimulu chija cha zinyalala pakati pa Hawaii ndi California ofufuza atachiyeza, analengeza mu 2018 kuti chili ndi matani pafupifupi 80,000, ndipo 46 peresenti ya kulemera kwake ndi maukonde otayika. Ukonde wa nayiloni ukaduka suleka kugwira. Umakola nsomba, fungo la nsombazo limaitana shaki, akamba ndi akatumbu am'nyanja, nazonso nkukodwa. Ukalemera umamira, nkhanu zimadya zakufazo, ukapepuka umayandamanso nkuyambiranso kugwira, popanda msodzi wobwera kudzaonjola.