Kodi azisudzo a Saturday Night Live amayang'ana chiyani pambali pa kamera?

Mwana wa Linga:
Moni akuluakulu, ndili kuno ku Nkhotakota. Gulu lathu la achinyamata likufuna kumajambula timasewero toseketsa ta mphindi zitatu kapena zinayi sabata iliyonse. Poonera Saturday Night Live, pulogalamu ya zisudzo zoseketsa ya ku America, pa YouTube ndikuona kuti ochita sewero sayang'anana kwenikweni, maso amakhala pambali pang'ono. Amawerenga china chake? Nanga masewero atsopano sabata ndi sabata amawakwanitsa bwanji?

Wojambula wa ku Salima:
Mwaona bwino achimwene, amawerengadi. Pafupi ndi kamera pamaima anthu atanyamula makhadi akuluakulu olembedwa pamanja, ndipo wosewera aliyense mawu ake amalembedwa ndi inki ya mtundu wake kuti asatenge mzere wa mnzake. Si ulesi ayi. Mawu amasinthidwa mpaka nthawi yoti alowe, ndiye woloweza pamtima angalankhule zomwe zachotsedwa kale.

Pulogalamuyi inayamba mu 1975 pa kanema wa NBC, ndipo imachitikira mu Studio 8H ku New York. Lolemba olemba amakumana ndi mlendo wodzatsogolera pulogalamu ya sabatayo mu ofesi ya Lorne Michaels, yemwe anayambitsa pulogalamuyi, n'kuponya maganizo. Lachiwiri amalemba usiku wonse. Lachitatu amakhala patebulo n'kuwerenga mokweza masewero pafupifupi 40, ndipo ambiri amathera pomwepo. Lachinayi ndi Lachisanu ndi okonza mawu, kukhoma bwalo ndi kuyeserera pamaso pa kamera. Loweruka 8 koloko madzulo amasewera zonse pamaso pa anthu, osaulutsa. Sewero lomwe anthu sanaseke limachotsedwa kapena kufupikitsidwa, kenako 11:30 usiku amaulutsa pompopompo kwa mphindi 90. Kuno kwathu kumakhala kukucha Lamulungu.

Mayi wa Zisudzo:
Mwana wanga, makhadiwo musatengere. Iwo aja alibe mwayi wobwereza, inu muli nawo. Masamba atatu munthu amaloweza madzulo awiri, ndipo nthabwala imakoma anthu akamayang'anana. Kumbukirani Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi: anthu awiri okha, koma aliyense ankadziwa pomulowerera mnzake. Zimenezo sizichokera pa khadi.

Chotengera ndi cha Lachitatu ndi cha Loweruka madzulo chija. Lembani masewero asanu kapena asanu ndi limodzi, muwerenge mokweza, mujambule awiri. Musanajambule aseweretseni pamaso pa anthu khumi omwe sanawamvepo, osati a m'gulu lanu, chifukwa a m'gulu amaseka poti akudziwa wolemba. Wina akhale ndi pepala azichonga pomwe anthu aseka. Pakadutsa theka la mphindi kuli zii, dulani pamenepo ngakhale mzerewo muukonde chotani.

Mwana wa Linga:
Zikomo amayi. Koma tili ndi agogo ena oseketsa kwambiri omwe kuloweza kumawavuta.

Wojambula wa ku Salima:
Kwa agogowo khadi ndi yololedwa. Dulani katoni, mumate pepala loyera, mulembe ndi maka yakuda zilembo zazikulu, mizere inayi kapena isanu pa khadi. Wonyamula aime kuseri kwa phewa la yemwe agogo akulankhula naye, khadi ifanane kutalika ndi nkhope yake. Ikatsika, maso amagwa pansi ndipo woonera amazindikira. Khadi isathere pakati pa chiganizo, chifukwa potembenuza nthabwala imaduka.

China chomwe chimaononga masewero ambiri a kunyanja ndi phokoso. Nthawi ya mwera, makamaka June ndi July, mayikolofoni ya foni imangomva mphepo. Pezani kamayikolofoni kopanira pamalaya, mukaveke kaubweya kake, kakhale chikhatho chimodzi pansi pa chibwano. Jambulani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, chifukwa la masana limadetsa m'maso ndipo nkhope ndiyo imanyamula nthabwala. Poyamba kujambula wina awombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera, kuti polumikiza mawu ndi zithunzi mupeze poyambira.