Kompresa ndi pistola zopentera galimoto pakhomo, ndigule kapena ndizisiye?

Wa Nissan ku Matundo:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi Nissan 1400 yomwe anandisiyira malemu amalume anga ku Ulongwe, ndinabwera nayo kuno ku Tete, injini tinaikonza ikulira bwinobwino, mabuleki ndi magetsi zonse zili mmalo mwake, chatsala ndi thupi basi. Penti inapsa ndi dzuwa, padenga ndi pa boneti ikusupuka, dzimbiri lilipo mmunsi mwa zitseko ndi kumbuyo kokweza katundu kuja. Ma batishapa (amisiri owongola ndi kupenta magalimoto) omwe ndawafunsa anditchulira ndalama yoti sindingaikwanitse panopa, ndiye pali bambo wina ku Chingodzi akugulitsa kompresa ya malita 50 pamodzi ndi pistola yake, zogwirapo kale ntchito, mtengo wake sukufika ngakhale theka la zomwe akufuna aja. Garaji ndili nayo yamalata galimoto imalowa yonse. Ndigule ndipente ndekha kapena ndingotaya ndalama? Mwini kompresayo akuti ndimuyankhe sabata ino isanathe.

Batishapa wa ku Moatize:
Achimwene musafulumire kulipira. Malita 50 amenewo ndi kukula kwa thanki chabe, chomwe chimapenta galimoto ndi mpweya omwe makinawo akutulutsa pa mphindi iliyonse. Pistola zambiri za mtundu wotchedwa HVLP zimafuna mpweya wapakati pa malita 250 ndi 400 pa mphindi, pa mphamvu ya ma bar awiri. Timakompresa ta malita 24 ndi 50 tija ta mota ya 2 HP sitifikapo, ndipo nambala yomwe amalemba pambali kawirikawiri imakhala ya mpweya omwe ikukoka, omwe ukufika ku pistola umakhala wochepa kuposa pamenepo. Ndiye chimachitika ndi ichi, mwayamba denga bwinobwino, mukafika pakati mphamvu yatsika, penti ikutuluka madontho akuluakulu, mukaima kuti thanki idzadze mbali yomwe munayamba ija yayamba kale kuuma, polumikizapo pamaoneka mpaka kalekale. Komanso mota ikamangolira osapuma mpweya umatentha, madzi amadzadza mu thanki ndi mu paipi kenako amalavulira pa penti yaiwisi.

Mnyamata wa ku Zobue:
Akuluakulu ndikupatsani ulemu wanu koma apa sindikugwirizana nanu kwenikweni. Inuyo mukuyeza ndi ntchito ya pa ofisina yokonzera magalimoto pomwe galimoto imalowa mmawa madzulo izituluka. Awa ndi galimoto yawo alibe owathamangitsa. 1400 ndi kagalimoto kakang'ono, mumasula boneti, zitseko, chitseko chakumbuyo, nkumapenta chimodzichimodzi chili pa thebulo, kompresa yaing'ono imakwanitsa makamaka mukapeza pistola ya LVLP yomwe simadya mpweya wambiri. Ine yanga ndi ya malita 50 yomweyo ndipo sikhala pansi, ndimapentera mageti, magiradi a mmawindo, mabedi achitsulo, njinga zamoto za makabaza, kupopa matayala, inabweza kale ndalama yake. Ndalama mukapatsa batishapa yapita basi, kompresa imatsala pakhomo. Gulani achimwene.

Batishapa wa ku Moatize:
Geti si galimoto mwana wanga. Geti palibe amene amaliyang'ana chopendekera dzuwa likamalowa. Za kumasula zitseko ukunena zoona, imeneyo ndi njira yabwino, koma zimayenda ngati penti ili ya mtundu umodzi wopanda zonyezimira zija. Ikakhala metaliki ukapenta chitseko lero boneti mawa, ukadzamanga upeza chilichonse chili ndi mtundu wakewake.

Wa Nissan ku Matundo:
Mtundu wake ndi woyera wamba, si metaliki. Koma ndimaganiza zosintha ikhale ya buluu.

Achimwene a ku Domue:
Pamenepo pa buluu imani kaye. Mtundu wa galimoto unalembedwa mu livrete, pepala la galimoto lija, mukasintha ndiye kuti mapepala nawonso akasinthidwe ku INATRO, ofesi yaboma yoona za magalimoto, ndi ndalama ina ndi nthawi ina. Ndipo inu a ku Angónia mumaoloka malire pa Calómuè kupita ku Dedza, galimoto ya buluu pepala likunena yoyera mudzavutika nayo kufotokoza. Woyerawo usiyeni, umabisa tizigoba ting'onoting'ono kuposa mitundu yakuda, komanso ndi kutentha kwa ku Tete kuno galimoto yoyera ndiye yokhalika mkati. Mukasintha mtundu mudzafunikanso kupenta mkati mwa zitseko ndi pansi pa boneti, ntchito imachuluka kawiri.

Mayi a ku Ulongwe:
Alongo anga ine nkhani ya makina sindilowererapo, ndikufuna ndinene za chifuwa chanu chifukwa palibe amene watchula. Bambo a kunyumba kwanga ntchito yawo ndi yomweyi ndiye ndimaziona. Penti ya 2K ija yosakaniza ndi katalizadoro woumitsa penti ili ndi mankhwala otchedwa isocyanate, amenewa akalowa mmapapo amayambitsa mphumu ndipo munthu thupi likangoyamba kudana nawo silibwereranso mwakale, ngakhale kafungo pang'ono chifuwa chimatseka. Kamasiki kapepala kaja kapena kumanga kansalu kukamwa sizithandiza chilichonse. Yoyenera kwenikweni ndi masiki yolandira mpweya wabwino kuchokera panja, yamakatiriji ija ndi yongochepetsako ndipo makatiriji ake amatha mphamvu msanga. Tsono garaji yanu ili pati? Ngati yagundana ndi nyumba ana azipuma chomwecho, anansi nawonso, zovala zoyanika pachingwe, madzi a mu ndowa. Ndipo mbaula isayandikire nkomwe, nthunzi ya diluwente yosungunulira penti ija imayenda pansipansi ikakumana ndi khala lamoto kapena kuthetheka kwa waya garaji yonse imayaka. Muwerengere masiki yabwino, magolovesi ndi ovolosi pa mtengo wa kompresayo, musaziike pambali ngati zapadera.

Wa Nissan ku Matundo:
Zikomo kwambiri achemwali, izi sindinaziganizeko. Garaji yagundanadi ndi khitchini, khoma ndi limodzi, ndipo ana alipo ang'onoang'ono.

Mnyamata wa ku Zobue:
Mayi anena zoona pamenepo sinditsutsa. Koma tsiku lopopera ndi limodzi kapena awiri, ana angathe kukaswera kwa achibale. Ine ndimatseka khoma ndi mapulasitiki akuda aja, pansi ndimathira madzi kuti fumbi ligone, khomo limodzi lotsegula kuti nthunzi izituluka.

Batishapa wa ku Moatize:
Fumbi limenelo ndiye mdani wathu wamkulu kuno. Ku Moatize kuno ndi la malasha, kwanu ku Matundoko ndi la malole omwe amadutsa pa msewu wa N7 usana ndi usiku, mphepo ikangouka pang'ono vernizi yanu yaiwisi, yowalitsa pamwamba ija, imatola zonse. Kuthira madzi pansi kumathandiza, koma denga la garaji mulisese dzulo lake osati tsiku lomwelo, apo ayi zonse zomwe zili pa mitanda zigwera pa boneti.

Kenako kutentha. Penti zimenezi anazipanga kuti zizipoperedwa pa madigiri 20 mpaka 25. Ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira 40, ndiye mkati mwa garaji yamalata ndi kuposa pamenepo. Penti imauma ili mmalere isanafike pa chitsulo, imagwa ngati mchenga, osawala, ukapitapo dzanja kumangomva kukhakhala. Munthu akaona choncho amayandikitsa pistola kapena kuchedwetsa dzanja, ndiye imayamba kuyenderera mmbali. Ngati mwatsimikiza zopenta nokha dikirani Juni kapena Julayi, muyambe mbandakucha dzuwa lisanagunde malata, ndipo ku shopu mukanene kuti mukufuna diluwente ndi katalizadoro zochedwa kuuma. Ambiri amangotenga chomwe apatsidwa.

Achimwene a ku Domue:
Kwathu ku Angónia ndi zosiyana, Juni ndi Julayi kumazizira ndipo mmawa kumakhala nkhungu, ukapopera nthawi imeneyo penti imachita mbuu osawala. Kumeneko timadikira dzuwa likwere. Chinanso magetsi, kompresa yabwinoko ya 3 HP imadya pafupifupi 2.2 kW, mayunitsi a Credelec amatsika mukuona, ndipo mukailumikiza ndi waya wautali woonda uja mota imangong'ung'udza osazungulira mpaka kupsa. Talikitsani paipi ya mpweya osati waya wa magetsi.

Wa Nissan ku Matundo:
Ndiye mukundiuza kuti ndingosonkha ndalama ndikapereke kwa batishapa basi? Chimene chikundipweteka ndi chakuti galimoto imeneyi ndinkafuna ndiigwire ndi manja anga, amalume anandiphunzitsa kuyendetsa pa yomweyi, sindikufuna ndingoisiya kwa munthu nkukaitenga itatha.

Batishapa wa ku Moatize:
Ayi achimwene sindikutero, ndipo mtima umenewo ndaumva. Ndalama yaikulu yomwe timatchula ife si ya kupopera ayi, kupopera ndi maola ochepa. Yaikulu ndi ya masiku okhula ndi kuwongola thupi, ndipo ntchito imeneyo mungaigwire nokha pakhomo opanda kompresa. Masulani mabampa, magetsi, zogwirira zitseko, mabaji. Pomwe pali dzimbiri mukhule mpaka chitsulo chiyere, pomwe laboola mudule muwotcherere chitsulo chatsopano, musamate masa, phala lokwirira zigoba lija, pamwamba pa dzimbiri chifukwa mvula ikangogwa kamodzi pamatupa matuza. Masa ikhale yopyapyala, isapitirire mamilimita atatu, chigoba chachikulu chiwongoledwe ndi hamala kaye. Lisha, sandipepala uja, muyambe ndi nambala 80 pa masa, kenako 180, kenako 320, pulaima ikauma mumalize ndi 400 mpaka 600. Lisha muzikulunga pa kathabwa kosalala osati kukhula ndi zala, zala zimasiya mizere yomwe imadzaonekera penti ikawala. Ndipo polishi wa dashibodi kapena mafuta alionse asayandikire, silikoni imabowola timaso pa penti. Mukatha zonsezi mupite nayo kwa munthu wa kompresa yaikulu ndi malo otsekedwa, mumufunse mtengo wa kupopera kokha.

Mnyamata wa ku Zobue:
Koma akuluakulu nenaninso mbali inayo, openta ambiri sakonda kupopera pa ntchito yomwe wakonza wina, ikadzasupuka amati vuto ndi masa yanu, inu mumati vuto ndi penti yawo. Komanso chitsulo mukachikhula sichidikira, chimafuna pulaima ya epoxy msanga dzimbiri lisanabwerere, ndiye adzapopera ndi chani? Apa mpomwe kakompresa kaja kamagwira ntchito, pulaima sifuna ukatswiri wambiri poti mudzaikhulanso, nozo, kabowo kotulukira penti pa pistola, ya mamilimita 1.8 basi. Ine ndikuti atsitse mtengo mugule, mupangire pulaima pakhomo chigawo ndi chigawo, mtundu ndi vernizi akapopere akatswiri ndi nozo yawo ya 1.3.

Batishapa wa ku Moatize:
Pa pulaima ndikuvomera. Za kukana ntchito ya wina, mukambirane naye musanayambe, abwere aone thupi lisanakutidwe, anene yekha pulaima yomwe akufuna. Ine munthu akatero sindikana.

Mayi a ku Ulongwe:
Pulaima yomweyo masiki ivalidwe alongo, ndipo mupangire panja pamthunzi kutali ndi khitchini ija.

Wa Nissan ku Matundo:
Ndapita ku Chingodzi masana ano. Ndi ya 2 HP, ndatsegula kampopi kapansi pa thanki patuluka madzi ofiira ambiri ndithu, fyuluta ya madzi palibe, pistola ndi ya 1.8 ndipo chipewa chake chili ndi penti youma. Yadzadza bwino koma ikaima ndikumva kampweya kakutuluka penapake. Mtundu ndisiya woyera womwewo, lisha ndi masa ndigula mawa ndiyambe zitseko. Kompresayi ndamuuza bamboyo kuti pa mtengo wakewo ayi.

Batishapa wa ku Moatize:
Madzi ofiirawo ndiye kuti thanki yadyeka mkati. Muyang'ane pansi pake ngati pali powotcherera kapena pomata, pakakhala potero musaitenge ngakhale atatsitsa bwanji, thanki yotero imaphulika. Thirani madzi a sopo mmalumikizidwe monse muone pomwe pakuchita thovu, likakhala pa paipi kapena pa valavu ndi zokonzeka, likakhala pa thanki penipeni muisiye.