Ngati Mulungu afuna onse apulumuke, nanga osankhidwawo ndi ati?

Wofunsa: Abusa, akulu a mpingo ndi nonse muli muno, ndithandizeni. 1 Timoteo 2:4 akuti Mulungu afuna anthu onse apulumuke, pomwe Aefeso 1:4 akuti anatisankha dziko lisanalengedwe. Ndiwaphunzitse bwanji a kalasi osawasokoneza?

Mkulu wa mpingo: Yambirani pa Deuteronomo 29:29, achimwene: zinsinsi nza Yehova, zowululidwa nzathu. Mawu oti chifuniro ali pawiri. Pali chimene Mulungu amalamula ndi kukondwera nacho, ndipo munthu atha kuchikana. Pa Mateyu 23:37 Yesu akufuna kufungatira ana a Yerusalemu ngati thadzi ndi anapiye ake, iwo osafuna. Palinso chimene anakonzeratu, chosalephereka. Awerengetseni Machitidwe 2:23, pamene zonse zakumana: Yesu anaperekedwa mwa uphungu wa Mulungu, komabe omupachikawo akutchedwa osayeruzika.

Mphunzitsi wa zaumulungu: Onjezani kuti mipingo imasiyana pa liwu loti "onse". Augustine, bishopu wakalekale wa kumpoto kwa Africa, ankati ndi anthu a mitundu yonse, ndipo ena amaloza 1 Timoteo 2:2 imene yatchula mafumu. Pa nkhani ya kusankhidwa, otsatira Arminius, mphunzitsi wa zaumulungu wa ku Holland, anatsutsa mu 1610, nati Mulungu amasankha amene anawadziwiratu kuti adzakhulupirira. Msonkhano wa mipingo wa ku Dort, ku Holland komweko, wa 1618 mpaka 1619 unakana zimenezo, ndipo chiphunzitso chake chinafika ku Sinodi ya Nkhoma kudzera mwa amishoni a Dutch Reformed. John Wesley, woyambitsa mpingo wa Methodist, anatsamira kwa Arminius. Kwa ine, kungoti "mitundu yonse" sikukwanira, chifukwa Ezekieli 33:11 amanena poyera kuti Mulungu sakondwera ndi imfa ya woipa.

Katekisiti: Kwathu ku Katolika, Katekisimu pa nambala 1037 imati Mulungu saikiratu munthu aliyense kuti apite ku gehena. Munthu amafikako pofulatira Mulungu mwadala n'kuumirira mpaka imfa.

Wofunsa: Nanga wina akati, "Ndidziwa bwanji kuti ndine wosankhidwa?"

Mkulu wa mpingo: Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Mukayamba ndi Aroma 9, imene imanena za kusankha kwa Mulungu, ena amataya mtima, ena amati tizingochimwa poti zinalembedwa kale. Aroma 9 muisunge mpaka sabata yachitatu, ndipo muiwerenge pamodzi ndi chaputala 10. Wofunsayo mutsegulireni Yohane 6:37. Theka loyamba likunena za amene Atate apatsa Yesu, lachiwiri likuti wakudza kwa Iye sadzamtaya kunja. Mukatero mumufunse ngati iyeyo wabwera.