Mwana wanga wasankhidwira ku Dedza Government, amene mukuidziwa ndiuzeniko

NaPhiri_waLizulu:
Moni nonse. Mwana wanga woyamba wasankhidwira ku Dedza Government Secondary School, ife tili kuno kwa Lizulu ndipo pamtundu pathu palibe anaphunzirako sukulu yogonera konko ndiye mtima uli m'mwamba, kusangalala ndikusangalala koma mantha nawonso alipo. Aliyense akungoti mwachita mwayi mayi imeneyo ndi Box 48, koma palibe akundilongosolera. Ndi sukulu yotani kwenikweni, inayamba liti, nanga ana amakhala bwanji kumeneko?

Mdala48:
Mayi choyamba zikomo polera, mwana wopita ku national sekondale sabwera mwangozi. Ine ndinadutsa pamenepo kalekale. Sukuluyi inatsegulidwa mu 1951 nthawi ya atsamunda, dziko lino likadali Nyasaland, ndipo nthawi imeneyo masekondale anali owerengeka, kunali Blantyre Secondary ya 1940 ndi Zomba Catholic ya 1942 kenako Dedza. Ndiye tangoganizani mnyamata wochokera ku Karonga kapena ku Nsanje kukwera basi masiku angapo kudzafika pansi pa phiri la Dedza, ndi chifukwa chake amene tinaphunzira pamenepa tili ndi anzathu dziko lonse, Chitumbuka changa chochepachi ndinachiphunzirira mu hositelo osati kumpoto ayi. Dzina loti Box 48 langochokera pa keyala ya ku positi ofesi, makalata athu onse amadzera pamenepo mpaka dzinalo linakakamira. Bingu wa Mutharika anamaliza pomwepa mu 1956, mng'ono wake Peter nayenso anadzera pomwepa, mapulezidenti awiri sukulu imodzi. Koma zimenezi musamamuuze mwanayo tsiku ndi tsiku, angayambe kudzimva asanatsegule ndi buku lomwe.

AChisale_paBoma:
Ine ndimakhala pa boma pompano, mbiri akamba madalawa ine ndikambe za thupi. KUZIZIRA mayi. Inu a kwa Lizulu mumaidziwa mphepo inde koma ya m'munsi mwa phiri ndi inanso, phirilo ndi lalitali kupitirira mamita 2000 ndipo June ndi July chifunga chimatsika mpaka osaona munthu ali poteropo. Poti sukulu amatsegulira September kukutentha makolo ambiri amaiwala, amadzadzidzimuka teremu yachitatu. Mugulireni bulangete lolemera, awiri ngati mungathe, juzi, masokosi ndi mafuta odzola chifukwa milomo ndi zidendene zimang'ambika. Sukuluyi ndi ya anyamata okhaokha, amagona konko kudya konko, makalasi, laibulale, malabu a sayansi ndi bwalo la mpira zonse zili pasukulu pompo. Chipatala cha boma chili mtauni momwemuno akadwala sapita kutali.

NaPhiri_waLizulu:
Zikomo achimwene, za bulangete sindinaganizeko n'komwe. Nanga zakudya ndimupatsire chani?

Aunt_Nachi:
Anga awiri anaphunzira sukulu zogonera zina osati imeneyi koma nkhani yake ndi imodzimodzi, nsima ya nyemba ndiye mwini malo. Mukazingireni chimanga ndi mtedza, shuga pang'ono, ufa wa soya ngati ulipo. Ndalama musamupatse zambiri nthawi imodzi, wanga wamkulu anamaliza za teremu yonse sabata ziwiri zokha pa mandasi ndi tchipisi, ndinalira ine. Ndipo mulembe dzina pa chilichonse, ndowa, mbale, ngakhale malaya a yunifomu mkati mwa kolala.

Mdala48:
Ndiwonjezereko kamodzi, tsiku lotsegulira mupite naye nokha musamutumize ndi kondakitala. Kuchoka kwa Lizulu ndi pafupi, minibasi imodzi pa M1 mwafika. Mukaonane ndi aphunzitsi oyang'anira zogonera, akudziweni nkhope ndipo mutenge nambala yawo. Ine bambo anga anandiperekeza atanyamula sutikesi yanga pamutu kuchokera pa siteji, mpaka lero ndikadutsa pamsewu umenewo ndimawaona.